Ndinali Myuwoni wa a Nangondo

Usiku wathawu ndinalota, amangwetu, ndipo si maloto omvera uku ukugogoda chitsulo ayi. Jailosi, tazimitsa kaye chopukusira chakocho. Bisani, khala pa mgolo apo, geti la abusalo lidikire, lilibe miyendo.

Nonse mukudziwa kuti kunyumba kwanga kwakhala kuli zii masiku ano. A Nangondo, mayi akunyumba, paja amaphunzitsa fizikisi ku koleji, ndiye anawapatsa malo ku Ulaya kumene kuli chimakina chofufuzira maatomu. Iwo anati sangakwere ndege popanda mawu anga. Ankhoswe anabwera, anamwa tiyi wathu, n'kunena kuti yankho lili ndi mwini nyumba. Ine ndinangoti “ndamva,” kuyambira pamenepo duu. Kukana ndinkachita manyazi, kuvomera ndinkachita mantha. Mantha enieni, usaseke Jailosi. Munthu akabwereko ali dokotala wa maatomu, adzandipeze ine ndikununkha utsi wa rodi yowotcherera zitsulo pa Chinamwali pano? Tsono eni makina aja anati lero Lachisanu ndilo tsiku lomaliza kuyankha, akapanda kuyankha malowo apatsa wina. Ndinagona nazo zimenezo pamtima.

Ndiye ndangoti tulo pang'ono, ndinapezeka ndili pa shedi yathu ino. Sikelo yopimira zitsulo zakutha ija inatsokomola, n'kundiitana.

“Bambo Kwenda, takwerani.”

“Ndikwerenji? Ndine chitsulo ine?”

“Takwerani, nthawi kulibe.”

Ndinakwera. Muvi wake unazungulira, unazunguliranso, mpaka sikeloyo inalira. “Mayo msana wanga ine! Inu mukulemera kuposa elekitironi kuwirikiza mazana awiri, ndi basela pamwamba. Ndinu myuwoni inu.”

Mawu amenewo ndimawamva kunyumba a Nangondo akamayeserera zokaphunzitsa, ine ndikunamizira kukonza wayilesi. Komabe ndinafunsa kuti myuwoni ndi mtundu wanji wa anthu.

“Ndi msuweni wake wa elekitironi,” inatero sikelo. “Khalidwe ndi limodzi, asiyana mimba yokha.”

Seka, Jailosi, seka, tsiku lina idzakupima nawe.

Mwadzidzidzi shedi inatalika n'kusanduka ofesi, mabenchi mbali zonse, mzere wa anthu onenepa okhaokha, onse thukuta kamukamu. Kutsogolo kunali bwana wa tayi yofiira. Ndikumuyandikira ndinaona timadontho toyera tikumera pa jekete lake, khosi likuonda, mutu ukuchita dazi la buluu. Pamene ndimafika patebulo n'kuti ali nkhanga yeniyeni, koma tayi ili m'khosi.

“Inu a myuwoni, moyo wanu ndi waufupi,” inatero nkhanga ija. “Kuphethira kwa diso n'kwakutali kwambiri. Gwirani iyi.” Inandipatsa rodi yowotcherera yoyaka kale, ikuthetheka kunsonga. “Ikatha imeneyi, nanunso mwatha.”

“Ndiye ntchito yanga n'chiyani, bwana?”

“Mukalowe mu atomu ya mtovu. Mutsike mpaka paphata pake, pakatikati penipeni, mukauze akunja kuti phatalo n'lalikulu bwanji ndipo eni ake anakhalamo motani.”

“Ndikawauza bwanji? Foni ndasiya pa tchaja.”

Nkhanga inali itayamba kale kutolatola chiswe pansi pa tebulo. Rodi ija ndiyo inayankhula m'manja mwanga. “Madala, mukamafunsa mafunso ine ndikutha. Tiyeni!”

Ndiye ndinamva wina akundikankha kumbuyo, ndili mu chipayipi chachitali, mbali ino maginito, mbali iyo maginito, onse akululutira, akundipatsirana ngati mkwatibwi. Liwiro lake, Bisani! Minibasi ya ku Liwonde ija umaitamayi imakwawa. Masaya anga anali kumakutu, malaya atathawa, ine ndikuseka ndekha, chifukwa chibadwire thupi langali silinathamangepo chotero. Kenaka phii! Ndagwera mu mtovu, womwe uja timachotsa m'mabatire akutha.

Koma abale, kunja umaoneka wotuwa, wosasangalatsa, m'kati mwake ndi dziko. Misewu yozungulira, wina m'kati mwa unzake, kutsetserekera kunsi. Mu msewu wakunja munali akabaza, ambirimbiri, oonda ngati masipoko a njinga zawo zomwe, akupalasa mozungulira osaima. Amenewo ndiwo maelekitironi. Mmodzi anandiimira.

“Tikupita, biggie?”

“Ndiperekeze kuphata.”

Anaseka mpaka belu la njinga yake linasekanso. “Kuphata? Ife timangomva kuti kuli phata. Limatikoka, inde, ndicho chifukwa sitichoka pano, koma kuliona ayi. Kwa ife ndi kadontho chabe kumusi uko.”

Ndinakhalabe pakaliyala mwamakani. Tayala phuu! Njinga inatukwana mawu oti sindingawabwereze pano pali ana asukulu akudutsa. Wakabaza uja anati, “Mwaona? Malo anu si ano. Olemera amatsika, amakazungulira pafupi, kumene ife sitifika. Mwayi wanu umenewo, biggie.”

Mwayi! Mimba yomwe mumandinena nayo tsiku ndi tsiku inu. Ndinayenda monyada kulowera kunsi, rodi ili patsogolo, ikundiunikira.

Mwadzidzidzi chipata cha apolisi, migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Wapolisi anakweza dzanja, dzanjalo n'kusanduka chiboda, ndevu zinamera, nyanga zinaboola chipewa. Mbuzi, yamphongo, fungo lake lomwe. Inavula chipewa chija n'kuyamba kuchitafuna.

“Meee, imani pamenepo. Kuyambira pano msewu watha, ndi masitepe okhaokha, ndipo pakati pa sitepe ndi sitepe palibe poponda. Mumadumpha.”

Ndinayamba kupapasa m'thumba mwa chizolowezi.

“Chotsani dzanja m'thumba, kuno sitidya zimenezo. Sitepe iliyonse mukatsika mumasiya mfuu. Ndiwo msonkho wake.”

Ndinasuzumira, ndinatsinzina, ndinadumpha. “Mayo!” Ndiye tamverani. Mawu aja potuluka m'kamwa sanamveke ngati mawu, anatuluka ali kuwala, ekisire yeniyeni, ija amatijambulira nayo chifuwa kuchipatala. Anathamanga pyoo kupita kumwamba. Nditakweza maso ndinaona chimgolo chachitsulo chikulendewera kumitambo, chozizira mpaka kutuluka nthunzi, kukamwa kwake kuli yasa, n'kumeza kuwala kuja. Kuseri kwa chimgolocho kunali nkhope yaikulu ngati phiri la Zomba, magalasi ali pamphuno. A Nangondo!

“Wabwera! Wabwera!” anakuwa, akuomba m'manja, akuseka mpaka mano onse pamtunda.

Mtima wanga unangoti myaa. Kuseka kumeneko ndinali nditakusowa, chiyambire nkhani ya Ulayayi sikunamvekenso m'nyumba mwanga. Ndiye ine, pofuna kuti asekenso, ndinadumphanso. “Ambuye!” Kuwala pyoo. Ndinadumphanso. “Ndafa ine!” Pyoo. Sitepe iliyonse inali yakuya kuposa inzake, mfuu nayo inkatuluka yakuthwa kuposa inzake, ndipo kumwamba kuja mayi akuvina pampando. Ndinafika pomadumpha mokhotetsa chiuno, mwa sitayilo, munthu wamkulu ndi ana ake. Rodi inkangodandaula kuti ndikuithera pa zachibwana.

Kenaka ndinamva a Nangondo akuuza munthu wina amene sindinkamuona. “Izi n'zabwino, koma tikuzidziwa kale. Akakhala kumtunda, phata amalionera patali, mfuu zake zimafanana ndi zimene tinawerengera. Imene ndikuifuna ine ndi yomaliza. Pa sitepe ya pansi penipeni myuwoni amalowa m'kati mwa phata mwenimwenimo. Mfuu imeneyo ndiyo idzatiuze zoona.”

Ndinati dikirani muone, mayi, lero mudziwa kuti munakwatiwa ndi mwamuna.

Ndiye ndafika pa sitepe yotsatana ndi yomaliza, ndikupeza mkeka woyala, makapu athu a alendo aja, ndi ankhoswe onse awiri ali tsonga: malume anga a Sandikonda, ndi a Chaguza a kuchikazi. Ndinagwada kupereka moni. Poyankha, makosi awo anayamba kukwinyika, majekete anauma gwa n'kukhala zigoba. Afulu awiri, wina wa chipewa, wina wa ndodo.

“Nkhani imeneyi,” anatero a Chaguza, liwu lililonse likutenga nthawi yake, “ndi yofunika kuikhaliranso pansi mwezi wa mawa.”

“Pepani akuluakulu, rodi yanga ikutha.”

Malume anandikodola, ndinaweramira pafupi ndi chigoba chawo. Anandinong'oneza. “Mphwanga, wakhala ukukuwa njira yonseyi ngati mwana wobayidwa jakisoni. Mwamuna satero. Tamvera. Ukati ayi, anthu ati ndiwe wansanje. Ukati eya, utsala wekha ndi mapoto. Koma ukangokhala chete, tsiku lidutsa lokha, mkazi akhala pakhomo, ndipo palibe anganene kuti unamuletsa.”

Ndisaname, mawu amenewo anandikomera. Ndinayang'ana kumwamba, a Nangondo atatchera khutu pa chimgolo chawo. Ndinayang'ana kunsi, dzenje lakuya kuposa onse. Ndinaluma mano, ndinatseka pakamwa kuti thi, n'kudumpha. Mfuu inakwera mpaka pammero, ine ndinaimeza.

Koma zimene ndinaona kumeneko, amangwetu! Ine ndinkayesa phata ndi kanthu kolimba, konga mutu wa bawuti, koti ukagundako uphuka chipumi. Ayi ndithu. Ndinangolowa, ngati mmene umalowera mumsika wa Songani tsiku la msika. Anthu ali thithithi. Azimayi a zitenje zofiira, manja ali m'mwamba, aliyense akundikoka malaya omwe ndinalibe. Amenewo ndiwo mapulotoni, eni ake a mphamvu ija imakoka akabaza kumtunda. Pakati pawo panali azibambo a zovala zotuwa, manyutironi, iwo sandikoka, sandikankha, angodzaza malo, ngati mlamu wako uja, Bisani, amene amabwera nthawi ya nkhomaliro. Pakatikati n'pothinana moti sungaponye singano. Ukamapita kumphepete anthu akunka napatukapatuka, mpanda palibe, msika umangotha pang'onopang'ono.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti ndili kunja onsewa ankandikokera mbali imodzi, mwamphamvu. Nditalowa, awa akukokera kutsogolo, awo kumbuyo, ena cham'mbali, mphamvu zikuthana zokha, ine ndikungoyandama pakati pawo bwinobwino, kutuluka mbali ino, kulowanso mbali iyo. Thupi lonseli lopepuka ngati la mwana. Ndinkafuna kuimba.

Mayi wina wa mpango waukulu, amene ankaoneka kuti ndi tcheya wa mapulotoni, anandigwira pamkono.

“Takulandirani, alendo. Chilengedwere dziko tili muno, akabaza aja sanabwereko n'kamodzi komwe kudzationa. Mwationa mmene takhalira?”

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

“Tikanakhala kadontho monga amanenera, tikanakukokani tonse pamodzi, mfuu yanu ikanatuluka yakuthwa zedi. Koma poti ndife mudzi wotambasuka, yanuyo ituluka yotsikirapo. Akazi anu akangomva mmene yatsikira, adziwa kukula kwa mudzi wathu ndi mmene tinamwazikira. Ndi mayi anzeru amene aja, amafunsa za anthu oti sanawaonepo. Ndiye yankhulani, bambo, nafenso tidziwike.”

Msika wonse maso ali pa ine. Pamenepo mfuu ija inali ikutupa m'mimba, ikutentha. Ndipo ndinkafunadi kuwauza a Nangondo, zonse, za zitenje zofiira, za kumphepete kopanda mpanda. Ndinaona chimene chimawaiwalitsa ndiwo pamoto. Munthu ukaona zoterezi, kapena kungozinunkhiza chabe, ungakhazikike bwanji?

Mwadzidzidzi kumwamba kuja kunatulukira bwana wamkulu wa makina, wa chovala choyera chofika m'maondo. Miyendo yake inatalika, inaonda, mlomo unasongoka, kakowa. Anagogoda chimgolo chija ndi mlomo, go go go.

“Mayi, nthawi yanu pa makina yatha. Myuwoni wanuyu ndi wosayankhula. Pali ena pamzere.”

“Dikirani pang'ono, bwana,” anatero a Nangondo, osachotsa khutu pa chimgolo. “Ndimawadziwa ine. Amachedwa, koma amayankhula.”

Jailosi, mawu amenewo anandilasa. Mkazi kundiikira kumbuyo pamaso pa kakowa, ine ndili phee kumubisira chinthu chake. Ndinati basi, za malume zikhale, ndikuwa. Ndinakoka mpweya, ndinatukula chifuwa, kuti nditsegule pakamwa, pakana. Ndinayesanso, pakana. Kupapasa ndi dzanja, ndikumva msoko wa chitsulo kuchokera tsaya ili mpaka tsaya ilo. Pakamwa panga powotcherera! Ndipo ntchito yake yabwino, yosalala, yopanda bowo n'limodzi lomwe. Pa Chinamwali pano wowotcherera chotero ndi mmodzi yekha, ndipo si iwe Jailosi.

Rodi inali itatsala kachidutswa, ikundiwotcha zala. Inati, “Musandiyang'ane choncho, madala. Munandigwira ndinu podumpha paja. Ine ndimangopita kumene dzanja landiloza.”

Ndiye chipwirikiti. Tcheya uja anakuwa, “Azimayi, tiyeni timuthandize mlendoyu!” Ena anagwira chibwano cha m'munsi, ena cha m'mwamba, wina anayambitsa nyimbo yokokera, onse n'kuvomera, koka, koka! Manyutironi anasuntha pang'ono kuti aone bwino, osathandiza. Mbuzi ija inatsika kudzafunsa msonkho wake wa sitepe yomaliza. Nkhanga inafika ikuthamanga, tayi ikuuluka, ikukuwa kuti nthawi, nthawi, nthawi! Afulu awiri aja anasuzumira pamphepete pa sitepe, malume akuti, “Limba mphwanga, kwatsala pang'ono, tsiku likudutsa!” Ine ndikulozera kumtunda, kuyesa kunena kuti wina athamange ku shedi akatenge chopukusira cha Jailosi, koma chotuluka ndi mmm, mmm basi. Misozi ndiyo inkatuluka bwino, yokhayo inalibe chotchinga.

Ndinayang'ana kumwamba. A Nangondo anachotsa khutu pa chimgolo. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, anawapinda mosamala. Sanakalipe, sanatukwane, bola akanatero.

“Chabwino, bwana,” anatero motsitsa. “Zimitsani. Apatseni enawo.”

Rodi inati psiti, kuzima. Mdima. Ndinamva tcheya uja akuti, “Pepani bambo, lamulo la kuno, myuwoni nthawi yake ikatha timameza,” ndipo kukamwa kwake kunayamba kukula, kukula, m'kati mwake mukumveka chinthu chikugudubuzika, gudu gudu gudu, gudu gudu gudu.

Ndinadzidzimuka. Kunja kwayera kale, thukuta lili thupi lonse, kumbali kwanga kulibe munthu. Koma gudu gudu uja sanasiye. Ndinakankha zenera. A Nangondo ali pa kanjira ka miyala kaja kopita kwa aneba athu, Mayi Chisale, akukoka chisutikesi cha matayala chimene anabwereka kumeneko mwezi watha. Chinkadumphadumpha pamiyala, chifukwa munalibe kanthu. Ankakachibweza.

Sindinafune nsapato, sindinafune malaya. Ndinangodzikulunga bulangete n'kutuluka, miyala ikundibaya kumapazi. Pa mpopi panali mzere wa azimayi ndi zidebe zawo, onse anatembenuka. Ndinapapasa pakamwa kaye, kuona ngati pali potsegula.

“Nangondo!”

Anaima, osatembenuka.

“Ayankheni anthu aja. Pitani ku Ulayako!”

Anatembenuka pang'onopang'ono. Maso awo anali ofiira, zikuoneka kuti sanagone. “Mwati chiyani, a Kwenda?”

Anamva bwinobwino, ndikudziwa. Koma ndinawasungitsa nthawi yaitali, ndiye ndinabwereza, mokuwa, moti agalu a kwa Chisale anayamba kuuwa ndipo mayi wina pampopi anataya madzi. “Ndati pitani! Ndikuopa, inde, ndikuopa kwambiri, koma pitani!”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kaya akufuna kuseka kaya kulira.

“Kavaleni, bambo inu, anthu akukuonani.”

Anatero, n'kutembenuza sutikesi ija kuloza kunyumba.